Momwe Mungakonzere Ulendo wa Anthu Wopita ku Mars, Kuyambira pa Njira Yobwerera

Anthu 12 okha ndi amene anapondapo pa Mwezi, pakati pa 1969 ndi 1972, ndipo ulendo wawo wopita unkatenga masiku atatu. Pamene thanki ya okosijeni inaphulika m'chombo cha Apollo 13 mu Epulo 1970, anthu atatu amene anali m'menemo anapulumuka chifukwa kwawo kunali pafupi, moti anatera panyanja patangopita masiku ochepa. Ku Mars mwayi wotere kulibe, pakuti pulanetiyi ikayandikira kwambiri imakhala pa mtunda wa makilomita pafupifupi 56 miliyoni, ndipo ikatalikira imafika pa 400 miliyoni. N'chifukwa chake ndikukhulupirira kuti aliyense wokonza ulendowu, kaya ndi bungwe la NASA la ku America kapena lina lililonse, ayenera kuyamba ndi funso la momwe anthuwo adzabwerere, kenako n'kumalongosola zina zonse chobwerera m'mbuyo mpaka kufika pa tsiku lonyamuka.

Choyamba, tsegulani kalendala, chifukwa tsiku lonyamuka simusankha nokha. Dziko Lapansi ndi Mars zimazungulira dzuwa pa liwiro losiyana, ndipo nyengo yabwino yonyamukira, imene siwononga mafuta ambiri, imabwera kamodzi pa miyezi 26 iliyonse. Zili ngati mvula yobzalira: ikakupezani mbewu musanakonze, mwataya nyengo yonse. Ulendo wopita umatenga miyezi 6 mpaka 9. Galimoto yofufuzira ya Perseverance inanyamuka pa 30 Julayi 2020 n'kukatera ku Mars m'chigwa cha Jezero pa 18 Febuluwale 2021.

Kalendala yomweyo ikuuzaninso nthawi imene anthu anu adzakhale kumeneko. Njira imodzi ndi yokhala mwezi umodzi wokha kapena kuposerapo pang'ono, koma imafuna mafuta ambiri ndipo imawasunga anthu nthawi yaitali m'mlengalenga. Njira ina ndi yokhala masiku pafupifupi 500 kudikira kuti mapulaneti awiriwa akhalenso pamalo oyenera, zomwe zimachititsa kuti ulendo wonse utenge zaka ziwiri ndi theka kapena zitatu. Ine ndingasankhe yachiwiriyi, popeza n'kupanda nzeru kuika miyoyo ya anthu pachiswe kwa nthawi yaitali chonchi kuti akangogwira ntchito masabata ochepa.

Mukadziwa masiku, konzani zobwerera, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kuti anthu anayi anyamuke pa Mars, NASA inawerengera kuti pafunika matani pafupifupi 7 a mafuta a roketi ndi matani 25 a okosijeni woyatsira mafutawo. Kunyamula katundu yenseyu kuchokera kuno n'kolemetsa kwambiri, chifukwa kilogalamu iliyonse yokatera ku Mars imafuna makilogalamu ena ambiri a mafuta oikankha. Mu 1990 mainjiniya awiri, Robert Zubrin ndi David Baker, anapereka maganizo akuti chombo chobwererapo chizitumizidwa patsogolo chopanda munthu, chikatere, kenako chizipanga chokha mafuta ake pogwiritsa ntchito mpweya wa konko, umene magawo pafupifupi 95 pa 100 alionse ndi kaboni dayokisaidi. Mbali imodzi ya maganizo oterewa inayesedwa kale. Kachipangizo kotchedwa MOXIE, kakakulu ngati batire la galimoto, kanakwera pa Perseverance ndipo mu Epulo 2021 kanatulutsa okosijeni koyamba kuchokera mu mpweya wa ku Mars. Pofika 2023 kanali katapanga magalamu 122. Yerekezani magalamu amenewo ndi matani 25 aja, muona kukula kwa ntchito imene yatsala. Choncho lamulo lanu likhale lakuti fakitale ya okosijeni ndi chombo chobwererapo zinyamuke nyengo imodzi anthu asanapite, ndipo pasakhale munthu wokwera roketi kuno mathanki a kumeneko asanadzaze. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Fakitale imeneyi idzafuna magetsi osaduka usana ndi usiku, ndipo pa chifukwa ichi musadalire dzuwa lokha. Mu 2018 mkuntho wa fumbi unakuta pulaneti yonse, kuwala kwa dzuwa kunachepa, ndipo galimoto ya Opportunity, imene inkadalira masola, inasiya kulankhula mu Juni chaka chomwecho osadzukanso. Ikani pa pulani yanu makina aang'ono a nyukiliya opangira magetsi, masola akhale othandizira chabe.

Kenako ganizirani za katerede. Mpweya wa ku Mars ndi wopyapyala kwambiri, wosafika ngakhale gawo limodzi pa magawo 100 a wathu, moti umatha kutenthetsa chombo chikamalowa koma sukwanira kuchichepetsa liwiro ndi parachuti yokha. Perseverance, yolemera pafupifupi tani imodzi, inachita kutsitsidwa pa zingwe kuchokera ku makina a maroketi amene ankayandama pamwamba pake. Nyumba ya anthu ndi katundu wawo zidzalemera matani 20 kapena kuposa, choncho njira yoteretsera katundu wolemera chotere iyesedwe kangapo ndi zombo zonyamula katundu, anthu asanaikhulupirire. Malo otera akhale athyathyathya, otsika, komanso oyandikana ndi madzi oundana apansi pa nthaka, amene chombo cha Phoenix chinatsimikiza mu 2008 kuti alipo.

Za kamba wa paulendo n'zosavuta kuzimvetsa koma n'zovuta kuzichita. Madzi ayenera kubwezerezedwa, ndipo pa siteshoni ya m'mlengalenga ya ISS anafika mu 2023 pobwezeretsa magawo 98 pa 100 a madzi, kuphatikizapo thukuta ndi mkodzo wa anthu okhalamo. Chakudya chotumizidwa patsogolo chiyenera kukhala zaka pafupifupi zisanu chisanawonongeke kapena kutha mavitamini. Ndiwo zamasamba zingathe kulimidwa m'chombo, monga anachitira pa ISS pamene anadya letesi wolima okha mu 2015, koma ziwerengedwe ngati zowonjezera basi.

Tsopano yang'anani thupi la munthu, limene ndi lofooka kuposa chipangizo chilichonse m'chombomo. Pamalo opanda mphamvu yokokera zinthu pansi, mafupa onyamula thupi amachepa mphamvu ndi gawo limodzi kapena kuposerapo pa 100 mwezi uliwonse, n'chifukwa chake anthu a pa ISS amachita masewera olimbitsa thupi maola awiri tsiku ndi tsiku. Dokotala wa ku Russia, Valeri Polyakov, anakhala masiku 437 pa siteshoni ya Mir mu 1994 ndi 1995, zomwe zinasonyeza kuti munthu angapirire nthawi yoposa ya ulendo wopita ku Mars. Komabe iye atatera anapeza madokotala akumudikira, pomwe wofika ku Mars sadzapeza womugwira dzanja. Palinso cheza choopsa cha m'mlengalenga chimene chimawonjezera chiopsezo cha khansa, choncho m'chombo mukhale kachipinda kothawiramo kozunguliridwa ndi madzi ndi chakudya, ndipo nyumba ya ku Mars ikwiriridwe ndi dothi.

Posankha anthu, musangoyang'ana maphunziro awo. Uthenga wochokera ku Mars umatenga mphindi zapakati pa 3 ndi 22 kuti ufike kuno, moti munthu akadwala mwadzidzidzi, funso ndi yankho lake zingatenge mphindi 44, ndipo dzuwa likakhala pakati pa mapulaneti awiriwa kulankhulana kumasokonekera kwa masabata pafupifupi awiri. Gululo liyenera kukhala ndi wodziwa zachipatala, wodziwa kukonza makina, ndiponso anthu otha kukhululukirana m'kanyumba kopanikiza. Ayeseni kuno kaye. Ku Moscow amuna 6 anatsekeredwa masiku 520 kuyambira Juni 2010 mpaka Novembala 2011 pa kafukufuku wa Mars-500, ndipo ena mwa iwo anasokonekera kagonedwe. Ku Houston anthu anayi anakhala masiku 378 m'nyumba yoyeserera ya CHAPEA, n'kutuluka mu Julayi 2024.

Zonsezi zikatheka, yesani chombo chanu ndi anthu pafupi ndi Mwezi, kumene vuto likagwa angabwerere m'masiku ochepa. Nyengo yonyamukira ikayandikira, funsani makina amene ali kale ku Mars kuti akutumizireni muyeso wa okosijeni m'mathanki, mphamvu ya magetsi, ndi momwe injini za chombo chobwererapo zilili. Ngati chimodzi mwa zitatuzi chikukayikitsa, anthu atsike, avule zovala za ulendo, ndipo adikire miyezi ina 26.