Momwe mungakonzere fayilo kuti isindikizidwe monga mmene mukuionera pa kompyuta

Zimapweteka kukonza chikwangwani chokongola usiku wonse, koma chikatuluka kwa osindikiza n'kupeza buluu uja wazilala, zilembo za m'mphepete zadulidwa, nkhope zikuoneka mwachimbuuzi. Nthawi zambiri makina amakhala alibe mlandu. Pali mawu angapo a ntchitoyi omwe muyenera kuwamvetsa musanayambe.

Choyamba dzifunseni: chinthuchi anthu akachionera pa sikirini kapena pa pepala? Ngati ndi cha pa intaneti, sankhani RGB. Sikirini imapanga mitundu posakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu. Makina osindikizira alibe kuwala, ali ndi inki zinayi, cyan (yabuluu wowala), magenta (yofiirira ngati pinki), yachikasu ndi yakuda, zomwe amazitcha CMYK. Inki singawale ngati sikirini, choncho cha papepala chiikeni mu CMYK poyamba pomwe, muoneretu mitundu yomwe idzatheke.

Kenako onani kukula kwa chithunzi. Mukachikulitsa kwambiri muona timabokosi ting'onoting'ono, kalikonse ndi mtundu wake. Kabokosi kamodziko ndi pixel. Posindikiza chinthu chowerengera m'manja pamafunika ma pixel 300 pa inchi iliyonse, ndipo ndi zomwe osindikiza amatanthauza akati 300 dpi. Chithunzi chodzaza pepala la A4 chikhale cha ma pixel 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali. Kachithunzi kakang'ono kotengedwa pa Facebook musakakoke kuti kakule. Timabokosi tomwe tija ndi tomwe timangofufuma.

Logo ndiye musaipange ndi ma pixel n'komwe. Ipangeni ngati vector, m'pulogalamu monga Adobe Illustrator kapena Inkscape, yomwe ndi yaulere. Vector imasunga mizere ndi makona mwa masamu, moti logo yomweyo imakwana pa kakhadi komanso pa khoma lonse osasokonekera. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe ongoyamba kumene amadzipweteka kwambiri: amasunga logo mu JPEG yokha, yomwe ndi fayilo ya ma pixel, tsiku lofuna chikwangwani chachikulu n'kuyambiranso.

Musaiwale bleed, kamalo kowonjezera m'mphepete komwe kadzadulidwe. Mpeni wodulira mapepala sudula ndendende pamzere, ndiye mtundu wakumbuyo upitirire m'mphepete ndi mamilimita 3 mbali zonse. Zilembo zikhale mkati, kutali ndi podulapo.

Posunga fayilo, JPEG ndi ya zithunzi zojambula ndi kamera, koma imataya kenakake nthawi iliyonse mukaisintha n'kuisunganso. PNG imalola kumbuyo kukhala kopanda mtundu, logo n'kukhala bwino pa tsamba lililonse. SVG ndi vector ya pa intaneti. Kwa osindikiza pitani ndi PDF, ndipo kalembedwe ka zilembo (font) kalowe m'fayilo momwemo kuti kompyuta yawo isaike kena.

Mukamatumiza pa WhatsApp, tumizani ngati document. Mukatumiza ngati chithunzi wamba, pulogalamuyo imachifinya, ma pixel aja n'kuchepa asanafike kwa wosindikiza.