Mwathena ndi lumo lakale, ndiye mukuti kwagwa mliri?

Chiyambireni mvula ino, madandaulo a atonde ouma thupi andichulukira. Nkhani yake imakhala yofanana. Tonde anathenedwa sabata imodzi kapena ziwiri zapitazo, lero miyendo yalimba gwa, nsagwada zagwirana moti sangabzikule, makutu ali njo. Mukawomba m'manja pafupi amadzidzimuka n'kugwa chagada. Ameneyu ndi kafumbata.

Tonde mmodzi kufa n'zowawa, koma chikundipweteka kwambiri ndi zomwe mukuchita pambuyo pake. Mukugulitsa khola lonse kwa mavenda pamtengo wolira poganiza kuti kwagwa mliri wonga chigodola cha nkhumba kapena chitopa cha nkhuku. Matenda awiriwo ndi a vairasi ndipo amafalikiradi khola ndi khola. Kafumbata amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Clostridium tetani, ndipo mbuzi yodwala siingapatsire inzake ngakhale zitagona mogundana. Kachilomboka kamakhala m'dothi ndi m'ndowe, kali m'kachigoba kolimba kotha kupirira dzuwa ndi chilala kwa zaka zambiri. Kakalowa m'bala lakuya lomwe mpweya sufikamo kamadzuka n'kuyamba kutulutsa poizoni, yemwe amayenda m'mitsempha mpaka kuumitsa minofu. Ndiye ngati atonde atatu auma nthawi imodzi, musafunse kuti wapatsira mnzake ndani. Funsani kuti anathenedwa ndi chiyani, nanga pabala munapakapo chiyani.

Bambo wina anandipeza kudipi atagulitsa kale mbuzi zake zazikazi, zina zili ndi bere. Ndalama yake siinakwane ngakhale feteleza wobereketsa. Nditamufunsa bwino, anati anathena ndi lumo lomwe amasunga padenga, kenako anamata ndowe pabala kuti ntchentche zisatere. Akuti agogo ake ankatero ndipo mbuzi zinkachira. Zinkachira zina, inde. Nanga zomwe zinkafa munkati zalumidwa ndi njoka zija? Kumata ndowe pabala ndi kutenga kachilomboko ndi manja anu, kukalowetsa, n'kukatsekera chitseko. Enanso mumathira oyilo wakuda wa galimoto. Ndatopa nako kuletsa.

Ena mumaloza dzimbiri. Dzimbiri palokha silibweretsa kafumbata. Mpeni wadzimbiri ndi woopsa chifukwa wakhala m'fumbi, ndipo mpeni wonyezimira womwe wagwera m'khola ndi woopsa chimodzimodzi. Eni abulu musamale kwambiri, chifukwa bulu amagwidwa msanga kuposa ng'ombe. Nkhuku ndiye kawirikawiri sizigwidwa n'komwe.

Tsono chochita: itanani mlangizi wa ziweto athene ndi Burdizzo, chida chothenera chomwe chimangopana osaboola chikopa. Ngati n'kucheka, lumo likhale latsopano, pabala ayodini, ndipo dikirani chilimwe khola lili louma. Mphira zomangira machende pothena zija nazonso zimaitana kafumbata. Mbuzi ikauma kale, iikeni pamalo amdima opanda phokoso n'kuitana mlangizi msanga, koma dziwani kuti penisilini amapha bakiteriya yekha, poizoni yemwe wakakamira kale m'mitsempha samuchotsa, ndipo zambiri zimafabe. Zotsalazo musagulitse.

Inunso mukadzitema ndi khasu kumunda, tsukani bala ndi madzi aukhondo ndi sopo, musathirepo dothi, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo akaone ngati mukufunika jakisoni wa kafumbata. Ndi katemera yemwe amayi oyembekezera amabayidwa kusikelo uja, abambo musamuthawe.