Mahomoni ndi kuiwalaiwala: zoti muchite msambo ukamasiya

Mwalowa m'chipinda, mwaima, chomwe mwadzatenga mwaiwala. Dzina la munthu woti mumacheza naye daily lakanirira pakamwa. Zikayamba chonchi mzimayi ali ndi zaka za m'ma 40 kapena 50 amangoti basi dementia, matenda ofooketsa nzeru aja, yandipeza, ndipo manthawo ndi omveka chifukwa mwa anthu atatu odwala Alzheimer's, womwe ndi mtundu wina wa dementia, pafupifupi awiri amakhala akazi. Koma musathamangire kukasaka mapilisi a mahomoni, nkhani yake ndi yokhotakhota.

Choyamba dziwani zomwe zikuchitika m'mutumo. Estrogen, homoni ya akazi, sikuti ntchito yake ndi ya msambo ndi mimba zokha ayi, imathandizanso ubongo kugwiritsa ntchito shuga ngati mphamvu, makamaka kagawo kotchedwa hippocampus komwe kamasunga zinthu zatsopano zomwe mwamva kapena kuona. Ndiye msambo ukamasiya, ambiri pakati pa zaka 45 ndi 55, estrogen imakwera n'kutsika mosadziwika bwino kenako n'kutsikiratu, ubongo umavutika kuzolowera. Onjezanipo kutentha thupi usiku, thukuta kamukamu, tulo todukizaduka, mawa lake mutu ungagwire bwanji? Kwa ambiri chifunga chimenechi chimachepa thupi likakhazikika.

Ndiye yambani ndi kusiyanitsa kuiwala wamba ndi kuiwala koopsa. Tengani kakope kapena foni, kwa miyezi iwiri itatu muzilemba tsiku lomwe mwasamba, momwe mwagonera ndi zomwe mwaiwala. Kuiwala pomwe mwaika makiyi n'kudzakumbuka pambuyo pake si nkhani. Kusochera panjira yomwe mumadutsa nthawi zonse, kufunsa funso lomwelomwelo kangapo osazindikira, kulephera kuwerengera ndalama zomwe kale munkawerengera osavutika, zimenezo pitani nazo kwa dokotala, ndipo mupite ndi munthu amene mumakhala naye chifukwa iye ndi amene amaona zomwe inu simukuona. Mupemphe akuyezeni chithokomiro ndi vitamini B12, ziwirizi zikasokonekera zimaiwalitsa munthu koma zimachizika.

Tsopano pa mankhwala a mahomoni aja, apa ndi pomwe anthu amapusitsidwa kwambiri pa intaneti. Kale madokotala ankaganiza kuti kubwezera estrogen kuteteza ubongo, zomveka eti? Kafukufuku wamkulu wa ku America wa Women's Health Initiative anayesa zimenezo, ndipo mu 2003 zotsatira zinadabwitsa anthu: azimayi a zaka 65 kupita m'tsogolo amene ankamwa estrogen pamodzi ndi homoni ina yotchedwa progestin, chiopsezo cha dementia chinakwera pafupifupi kawiri. Atadzayesa kwa azimayi ongosiya kumene kusamba, mu kafukufuku wa KEEPS ndi wa ELITE, sanapeze kuti mahomoniwo akuwononga nzeru, komanso sanapeze kuti akuziwonjezera. Ndiye ngati kutentha thupi kukukusowetsani tulo ndipo simunafike zaka 60 kapena simunathe zaka 10 chisiyireni kusamba, kambiranani ndi dokotala, mankhwalawo amathandizadi pa vuto limenelo. Muwauze ngati munadwalapo khansa ya m'mawere, sitiroko kapena magazi kuundana m'mitsempha. Koma kuyamba kumwa muli ndi zaka 68 ati poteteza ubongo, ine ndingati ayi ndithu.

Gulu lomwe nkhani yake ndi ina ndi la amene msambo wasiya msanga, asanakwane zaka 40 kapena 45, kaya pawokha kaya chifukwa cha opaleshoni. Ofufuza a ku chipatala cha Mayo Clinic ku America motsogozedwa ndi Walter Rocca anapeza mu 2007 kuti azimayi amene anachotsedwa ma ovary, tiziwalo tija tosunga mazira ndi kupanga estrogen, nthawi yosiya kusamba isanakwane, anali ndi chiopsezo chokwera cha kufooka nzeru atakalamba. Choncho akakuuzani kuti tikuchotsani chiberekero, funsani mosachita manyazi: ma ovary muchotsanso? Pali chifukwa chanji? Akachotsa, estrogen ndidzaipeza bwanji mpaka zaka 50? Pena kuchotsa n'kofunikadi, ngati pali khansa, koma muzidziwa musanagone pa tebulo.

Abambo nanu musaseke. Testosterone, homoni ya amuna, imatsika pang'onopang'ono, pafupifupi 1 peresenti pachaka munthu akapitirira zaka 40, ndipo ena amaigula mobisa poganiza kuti mutu uthwa. Mu 2017 zotsatira za kafukufuku wa Testosterone Trials zinaonetsa kuti azibambo achikulire opatsidwa homoniyi chaka chathunthu sanayambe kukumbuka bwino kuposa anzawo. Amene mukulandira mankhwala otsitsa testosterone chifukwa cha khansa ya prostate musasiye nokha, mungouza dokotala mukaona mutu ukusintha.

Palinso homoni ina, FSH, yomwe imakwera kwambiri msambo ukamasiya. Mu 2022 anapeza kuti kuitchinga kumachepetsa zizindikiro za Alzheimer's, koma pa mbewa za mu labu, ndiye wina akamakugulitsani mankhwala ake mudziwe kuti akukuberani.

Zomwe zili m'manja mwanu lero ndi zosasangalatsa kumva koma ndi zomwe zili ndi umboni. Lipoti la 2024 la magazini ya zachipatala ya Lancet linatchula zinthu 14 zoti zitakonzedwa, pafupifupi 45 peresenti ya dementia ikhoza kupewedwa kapena kuchedwetsedwa. Msambo ukasiya BP ndi mafuta oipa m'magazi zimakonda kukwera mwakachetechete, ndiye yezetsani zimenezi pamodzi ndi shuga kamodzi pachaka, fodya musiye, mowa muchepetse, muziyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata. Ndipo makutu, anthu amawanyozera kwabasi pomwe kusamva bwino kuli m'gulu la zinthu 14 zija, mukaona kuti TV mukuikweza kuposa kale kapena mukungoti mwati chani pafupipafupi, kayezetseni nawonso.