Madzulo akakutalikirani muli nokhanokha

Abale anga, makamaka inu amene muli ku Joni m'kachipinda ka lendi, komanso amayi amene ana onse anachoka pakhomo, ndikupempheni chinthu chimodzi. Kusungulumwa kukakugwirani madzulo, musanayambe kudziimba mlandu kuti chikhulupiriro chanu chazirala, tsegulani 1 Mafumu 19.

Eliya, mneneri wamkulu uja, anathawira m'chipululu, nakhala pansi pa kamtengo n'kupempha kuti angofa. Taonani zimene Mulungu anachita. Sanayambe ndi kumudzudzula ayi. Anamuleka agone, mngelo n'kumudzutsa kawiri konse kuti adye mkate ndi kumwa madzi. Pambuyo pake, Eliya atadandaula kuti watsala yekha, anauzidwa kuti mu Israeli munali anthu 7,000 amene sanagwadire Baala.

Inunso phikani nsima mudye, ngakhale mtima usakufuna. Mukatero pempherani motulutsa mawu, kumuuza Ambuye momwe zikuwawira. Ine zimenezi zimandithandiza kuposa kungotembenukatembenuka pamphasa.

Ndipo Lamulungu likubwerali, mapemphero akatha musathamangire kunyumba. Funsani mkulu wa mpingo kumene mphakati kapena kwaya ya dera lanu imakumana mkati mwa sabata, mulembetse dzina tsiku lomwelo.