Galimoto ikamavuta kulira m'mawa wa June, yambani mwamvetsera musanagule kanthu

Ife a ku Dedza June ndi July timamudziwa bwino, umadzuka m'mamawa zala zili gwa, ukapotokola kiyi galimoto imangoti rrr... rrr... mofooka ngati yagona ndi njala. Ku Mzuzu n'chimodzimodzi, ku Thyolo ndi Mulanje chiperoni chikabwera ndiye osanena. Chimene chimandiwawa n'choti anthu amathamangira kugula sitata kapena pampu ya mafuta, ndalama zambirimbiri, pomwe vuto linali la sipanala ya 10 basi.

Choyamba zimitsani wailesi, fani ndi nyali zonse, kenako lizani mukumvetsera. Ikamazungulira mwaulesi, kapena kungoti tiki tiki tiki nyali za pa dashibodi n'kumathima, nkhani ndi ya magetsi. Ikamazungulira mwamphamvu bwinobwino koma osagwira moto, batire musiyeni, vuto lili kwina. Ndipo chonde osakakamira pa kiyi, masekondi 10 akwana, pumani theka la miniti kenako muyesenso, apo ayi muwotcha sitata yomwe inalibe mlandu.

Nthawi zambiri ndi batire. Kuzizira kumachedwetsa mphamvu m'kati mwa batire, komanso oyilo amakhala atalimba ndiye injini imalemera kuzunguza, zinthu ziwiri zikukumana nthawi imodzi. Koma kunena zoona batire amaphedwa ndi kutentha kwa October kuja, June amangobwera kudzaulula. Batire amene wadutsa zaka 3 muzimukayikira, makamaka amene anabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan, simudziwa anakhala nthawi yaitali bwanji padoko.

Musanagule wina tsegulani boneti muone mateminolo, pomwe mawaya amamangidwa pa batire. Mukapeza ufa woyera kapena wobiriwira ngati nkhungu, kapena teminolo ikugwedezeka mukaigwira ndi dzanja, mwina vuto ndi lomwelo. Masulani ya minus kaye, kenako ya plus. Tengani soda yemwe uja wophikira therere, musungunule m'madzi ofunda, tsukani ndi mswachi wakale, samalani asalowe m'kati mwa batire, pukutani mpaka ziume. Pobwezera yambani ndi plus, minus pomaliza, mumange zolimba n'kupaka girisi pang'ono pamwamba. Tsatiraninso waya wa minus mpaka pomwe wamangidwa ku bodi, pamenepo pakachita dzimbiri galimoto imavuta ngakhale batire ali watsopano. Ngati batire wanu ndi wa zitsekerero, onani madzi, ndipo muthire ogula a batire aja, osati a pampopi kapena a pamjigo.

Amene muli ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, yezani batire, kapena pitani kwa wa magetsi a galimoto akuyezereni. Galimoto itagona usiku wonse batire wabwino amaonetsa ma volt 12.6, akafika 12.2 ndiye kuti watsala theka. Wina alize inu mukuyang'ana, nambala ikagwa pansi pa 10 kwambiri batire watopa. Injini ikulira pazioneka pakati pa 13.8 ndi 14.5, zikakhala pansi pamenepo alternator, yomwe imatchaja batire injini ikamalira, sikutchaja kapena lamba wake wakhwefuka, ndiye ngakhale mugule batire watsopano sabata yomweyo mukhalanso mukukankha. Maulendo afupiafupi nawonso amapha, kunyumba kupita kumsika n'kuzimitsa, batire sabweza zomwe watulutsa poliza.

Tsopano a dizilo, ma Hilux ndi ma Hiace. Dizilo alibe mapulagi a moto, amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa, n'chifukwa chake muli ma heater plug otenthetsa m'kati mwa injini musanalize. Tembenuzani kiyi pa ON, dikirani kanyali kooneka ngati sipuling'i kaja kathime, kukazizira kwambiri bwerezani kawiri, kenako lizani. Ikalira monjenjemera ikutulutsa utsi woyera kwa kanthawi, heater plug imodzi kapena ziwiri zafa, makaniko aziyeze zonse. Pa fyuluta ya dizilo pamakhalanso kapampu kodina ndi dzanja, mukadina n'kupeza kali lobodolobodo ndiye kuti mafuta akubwerera usiku ndipo mpweya ukulowa penapake. Zoika mbaula pansi pa injini ndikupempheni musiye, pamenepo pali mapaipi a mafuta ndi mawaya, galimoto imapsa muli pompo.

A petulo, ikamazungulira bwino koma osagwira, yambani ndi mapulagi, atulutseni muone ngati ada kapena anyowa. Mukaika kiyi pa ON mvetserani kumbuyo, pampu ya mafuta imalira kamphindi kuti nziii. Pali kasensa koyeza kutentha kwa madzi a injini, kakafa kompyuta siidziwa kuti kwazizira ndiye siwonjezera mafuta poliza, aka n'kofunika kuika pa makina oyezera galimoto osati kulota. Oyilo nayenso, Vitz kapena Sienta inapangidwira oyilo wopepuka ngati 5W-30, ife timathira 20W-50 poti ndi amene ali pafupi, m'mawa wozizira amakhala ngati uchi. Onani buku la galimoto kapena chitsekerero cha oyilo.

Nanga mwachedwa ku ntchito, mutani? Ya manyuwo ikani kiyi pa ON, giya 2, pondani kilatchi, anyamata akankhe, ikathamanga tulani kilatchi msanga. Ya otomatiki osayesa n'komwe, siilira choncho, pamafunika kujampa, kutenga magetsi ku batire ya galimoto ina ndi mawaya. Waya wofiira pa plus ya batire wakufa ndi plus ya wamoyo, wakuda pa minus ya wamoyo, mbali inayo mugwiritse pa chitsulo cha injini ya galimoto yakufayo kutali ndi batire, chifukwa batire amatulutsa mpweya woyaka ndipo kamoto kochepa kangamuphulitse. Lizani yamoyoyo kwa maminiti 5 musanayese yanu. Ikalira chotsani mawaya kuyambira womaliza kuika, ndipo muyende nayo mphindi 30 osazimitsa, ulendo wake ukathere kwa wa magetsi akamuyeze batireyo tsiku lomwelo.