Mmene mungagwiritsire ntchito foni osaimatirira pathupi tsiku lonse

Pa gulu la WhatsApp la kumpingo kapena lapabanja sipalephera kubwera uthenga woti foni imaphika ubongo, kuti matawa a netiweki ndi amene abweretsa khansa mu Lilongwe muno. Abale anga, mantha ambiriwa akupita kolakwika, pomwe zoyenera kuchita ndi zazing'ono ndipo sizifuna ndalama.

Foni imayankhulana ndi tawa pogwiritsa ntchito mafunde a wailesi, a mtundu umodzi ndi a WiFi. Mafundewa sali ngati X-ray ya kuchipatala ija ayi, alibe mphamvu yowononga DNA (malangizo achibadwa a m'maselo a thupi), chomwe chimadziwika bwino nchakuti amatenthetsa pang'ono mnofu womwe uli pafupi. Mu 2011 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, linawaika m'gulu la 2B, kutanthauza kuti mwina angayambitse khansa koma umboni wake ndi wochepa. Kenako mu 2024 kafukufuku wamkulu amene WHO inapempha, atasonkhanitsa zofufuza za zaka zambirimbiri, sanapeze kugwirizana pakati pa foni ndi khansa ya mu ubongo. Ndiye gonani tulo, koma kuchepetsa mafunde olowa m'thupi nkosavuta, bwanji osatero.

Yambani ndi kudziwa foni yanu. Pa mafoni ambiri a Android mukaimba *#07# pamatuluka nambala ya SAR, muyezo wa mphamvu yomwe thupi limamwa kuchokera ku foniyo. Ku America malire ake ndi 1.6 W/kg (mawati pa kilogalamu ya thupi), ku Ulaya ndi 2 W/kg pamutu ndi pathupi. Wa iPhone alowe mu Settings, General, Legal & Regulatory, apeza RF Exposure. Ndipo malamulowa amagwiradi ntchito, mu 2023 dziko la France linaimitsa kaye kugulitsa iPhone 12 itapitirira malire mpaka Apple inakonza ndi update. Kuno MACRA ndi yomwe imavomereza zida zoyankhulirana, choncho kafoni kopanda dzina kopanda bokosi kotchipa modabwitsa ine ndimakakayikira, chifukwa simudziwa ngati kanayezedwa nkomwe.

Chachikulu pa zonse ndi mpata. Mphamvu ya mafundewa imatsika msanga kwambiri foni ikangotalikirako, ngakhale kutalika kwa chikhatho chabe kumasintha zinthu. Ngati muli pocheza ndi amayi kumudzi kwa ola lathunthu chifukwa bandulo ya maminitsi ikutha mawa, ikani pa laudi muiyike patebulo, kapena valani mahedifoni, a waya kapena a Bluetooth onse ndi bho, Bluetooth mphamvu yake ndi yochepa kwambiri kuyerekeza ndi ya foni. Achimwene a kabaza amene mumalowetsa foni mu helimeti nkumayankhula muli pa msewu, apo ngozi ya pamsewu ndiyo yoopsa koposa, imani pambali kaye. Amayi ndi atsikana omwe mumasunga foni mu bra poopa akuba ku depoti kapena mu msika wa Tsoka, ndikumvetsa bwino chifukwa chake, koma mukafika kunyumba kapena kuntchito ichotseni iyende mu chikwama. Timabuku ta m'bokosi tija timene sitiwerenga timanena kuti foni inayezedwa itatalikirana ndi thupi mamilimita ochepa, ena 5 ena 10 kapena 15, osati itamatirira pakhungu.

Apa mumvetsere. Netiweki ikakhala yofooka foni imawonjezera mphamvu, ngati munthu woitana mnzake ali tsidya lina la mtsinje wa Lilongwe, amayenera kukuwa. Ndiye kamzere kamodzi kakamaoneka pa sikirini, kaya muli Airtel kaya TNM, musaumirire kuyankhula nthawi yaitali foni ili pakhutu, tulukani panja kapena yandikirani pa windo, kapena tumizani meseji. Chimodzimodzi mu minibasi yochokera ku Area 25 kulowa m'tauni, foni imakhala ikusinthasintha matawa. Ichi nchifukwa chake tawa yoyandikira siyoti muziiopa, imathandiza kuti foni yanu iyankhule motsitsa, ndipo zomwe zimafika pansi kuchokera pamwamba pa tawa ndi zochepa kwambiri kuyerekeza ndi foni yomwe ili pakhutu panu.

Usiku musaiyike kunsi kwa pilo, makamaka ili pa chaja. Kutentha mumakumva kuja nthawi zambiri ndi batire osati mafunde, ndipo batire yotupa ndi chaja ya feki zitha kuyatsa moto pa matiresi. Ikani pa mpando pambali, ngati simukudikira foni ya wodwala ikani pa airplane mode, alamu imalirabe. Mwana akamaonera makatuni odawuniloda kale ikaninso pa airplane mode.

Timasitika toti timatchinga mafunde tomwe ena amagulitsa musataye ndalama, sitigwira ntchito, ndipo tikatchinga antena foni imangowonjezera mphamvu posaka netiweki. Koma ngati kunyumba kuli agogo kapena ankolo omwe anaikidwa pacemaker, kachida kothandiza mtima kugunda bwino, apo ndiye osachita chibwana, foni italikirane ndi chidacho masentimita 15, isalowe m'thumba la shati la pachifuwa, ndipo poyankhula aziyika kukhutu la mbali inayo.