Timagazi m'thewera la mwana wanga

Mwana wanga ali ndi masabata 7, ndinapeza timizere ta magazi ofiira m'thewera, chimbudzi chake chili chonanda ngati mamina. Mtima unangoti myuu. Komatu ankayamwa bwino, thupi silinkatentha, kusikelo ankakwera.

Tsiku lomwelo ndinathamangira naye kuchipatala. Adokotala anaona ngati pang'ambika potulukira chimbudzi, anaonanso nsonga za mabere anga, poti khanda limatha kumeza magazi a bere lachilonda. Panalibe vuto. Kenako anafunsa: "Mayi, mumamwa mkaka wa ng'ombe?"

Ine tiyi wamkaka m'mawa uliwonse, chambiko masana! Anati mapuloteni a mkakawo amadutsira m'bere, ndipo matumbo a makanda ena sagwirizana nawo.

Apongozi ankati ndimusiyitse bere. Ndinakana mwaulemu, ndinasiya mkakawo ndine, wa ufa womwe, mpaka mabisiketi ndimawerenga kaye pepala lake. M'malo mwake ndinalimbikira usipa ndi bonongwe. Patatha masiku 4 timagazi tinachepa, pakutha masabata awiri thewera linayera.

Adokotala anandichenjezanso kuti akayamba kusanza, kutupa mimba, kutentha thupi kapena kulira mopinda miyendo, ndibwerere msanga, ngakhale pakati pa usiku.